Tsache pa Chitseko cha Azakhali Aune

Hilla anali ndi kagalu. Dzina lake linali Nappi. Nappi anali wamng'ono. Makutu ake anali aakulu. Mapazi ake analinso aakulu.

Hilla ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupita kwa Azakhali Aune pa masikii oterera pa chipale chofewa, iye ndi Nappi basi. Azakhali ndiwo anamupatsa kagaluko. Hilla ankafuna kuti akaone mmene kakulira.

Koma Nappi anali wosamva. Ankaponda masikii. Ankaluma ndodo zoyendera. Ankakumba paliponse. Bambo ankati ameneyu si galu, ndi fosholo yokhala ndi mchira.

Unali mwezi umene dzuwa silituluka. Kwathu kuno, kumpoto kwa Finland, masana a mwezi umenewu amangoyera pang'ono. Kumwamba kumakhala buluu. Pansi pamakhala buluu. Kenako mdima umabwerera.

Loweruka Mayi anaphika buledi wakuda. Anaimbira foni Azakhali. Foni inaitana. Inaitananso. Palibe anayankha.

Bambo anaseka. Anati mlongo wawoyo amangosiya foni patebulo, ngati kuti ndi mbale ya shuga.

Mayi sanaseke. Anakulunga buledi m'nsalu. Anamuika m'chikwama cha Hilla.

"Pita ukawaone," anatero Mayi. "Utsate nthambi. Usapatuke."

Hilla anavala masikii ake, matabwa awiri aatali oterera nawo pa chipale chofewa. Anamanga tochi pamphumi. Anamanga chingwe cha Nappi m'chiuno. Ananyamuka.

Nyumba ya Azakhali inali kutsidya kwa kanyanja. Madzi ake anali ataundana, kuuma gwa. Njira inadutsa pamwamba pake. Anthu anazika nthambi m'chipale kuti njirayo izioneka.

Swii, swii, masikii anaterera. Phi, phi, phi, Nappi anathamanga.

Mitengo ya m'mphepete inali itafunda chipale. Inali yoyera. Inali yowerama. Inkaoneka ngati anthu aatali amene akunong'onezana chinsinsi. Hilla sanafune kuiyang'anitsitsa.

Pansi pa mapazi ake nyanja inabuula. Huuu. Hilla ankadziwa kuti madzi oundana amabuula kukazizira kwambiri. Komabe anafulumira.

Kutsogolo kunaoneka diso limodzi lowala. Linkakula. Linkayandikira. Nappi anabisala kumbuyo kwa miyendo ya Hilla.

Inali njinga yamoto ya pa chipale. Wokwerapo anali a Kalevi, amene amakhala kufupi ndi Azakhali. Anaima. Anatukula galasi la chipewa chawo.

"Ulendo wa kuti ndi mbewa yapachingweyi?" anafunsa a Kalevi.

"Si mbewa. Ndi Nappi. Tikupita kwa Azakhali."

"Bwerera, mwanawe. Ndadzera konko. Tsache lili pachitseko."

Kwathu munthu akamachoka satseka ndi kiyi. Amangotsamiritsa tsache pachitseko. Aliyense amadziwa tanthauzo lake. Mwini nyumba kulibe. Sugogoda. Sulowa. Umangobwerera.

A Kalevi anati mwina Azakhali apita kukawonjola ukonde wawo pansi pa madzi oundana. Njinga inabangula. Inapita. Kenako kunali zii.

Hilla anaganiza zobwerera. Koma buledi anali akadali wofunda pamsana pake. Anati angokamupachika pachitseko. Nappi anali atayamba kale kukoka.

Anafika kutsidya. Nyumba yofiira inali phee. M'mazenera munali mdima. Utsi sunkatuluka padenga. Tsache linali pachitseko, chilili ngati mlonda.

Hilla anapachika chikwama pa msomali. Anatembenuka.

"Tiye, Nappi."

Nappi sanasunthe. Makutu ake anaima njo. Analira chapansipansi.

Ndipo Hilla naye anamva.

Gu. Gu. Gu.

Anayang'ana chitseko. Phokosolo silinkachokera m'nyumba. Anayang'ana mitengo. Mitengo inangowerama.

Gu. Gu. Gu.

"Mwina ndi nyanja," Hilla ananong'oneza Nappi.

Koma nyanja imabuula. Nyanja siigogoda.

Hilla anaunika pansi ndi tochi. Chipale chinali chatsopano, chosalala. Anaona pamene panadutsa njinga ya a Kalevi. Anaona mizere ya masikii ake. Anaonanso mapazi ena.

Anali mapazi a nsapato zazikulu. Ankachokera pachitseko. Ankazungulira kuseri kwa nyumba. Mapazi opita analipo. Mapazi obwerera panalibe.

Nappi anakoka chingwe. Anakokanso. Hilla anavula masikii. Anatsatira mapaziwo, pang'onopang'ono.

Kuseri kunali kanyumba ka nkhuni. Azakhali ankasungamonso masikii awo. Koma lero kanyumbako kanalibe chitseko. Pamalo pa chitseko panali mulu waukulu woyera. Mapazi aja ankalowa pansi pa muluwo. Ankathera pomwepo.

Gu. Gu. Gu.

Hilla anafuna kuthawa. Koma sanathawe. Nappi ananunkhiza khoma. Anagwedeza mchira. Anayamba kukumba.

"Ndani?" anafunsa Hilla. Mawu ake anatuluka aang'ono.

Kenako kunamveka mawu osasa, ngati kamphepo kodutsa pamng'alu.

"Hilla? Ndiwe, mwana wanga?"

Anali Azakhali Aune.

Hilla anatsamiza khutu pakhoma. Azakhali anafotokoza. M'mawa anatsamiritsa tsache pachitseko. Analowa m'kanyumbamo kudzatenga masikii. Mphepo inamenyetsa chitseko. Chipale chonse cha padenga chinatsetsereka. Chinatseka khomo.

Anakankha, koma analephera. Anakuwa mpaka mawu anatha. A Kalevi atafika, Azakhali anamenya khoma ndi chikuni. Koma njinga inkabangula.

"Munthu uja wangopatsa moni tsache langa n'kumapita," anatero Azakhali.

Anayesa kuseka. Mano awo ankagundana.

"Zala zangazi sindikuzimvanso, mwana wanga."

Hilla ankadziwa kuti zimenezo n'zoopsa. Anakumba muluwo ndi manja. Unali wolimba ngati mwala. Unali wautali kuposa iye.

Azakhali anati foni ili patebulo. Hilla anamasula chingwe m'chiuno. Anathamangira kunyumba.

Pachitseko anaima.

Tsache linali pomwepo. Chibadwire, Hilla anali asanachotsepo tsache pachitseko cha munthu. Mayi sachotsa. Bambo sachotsa. Palibe amachotsa.

Kuseri kunamvekanso kugogoda. Gu. Gu. Tsopano kunali kofooka.

Hilla anagwira tsache. Analiponya m'chipale. Analowa.

M'nyumba munali mdima. Munkazizira. Wotchi inkagunda yokhayokha pakhoma. Foni inali patebulo, pafupi ndi mbale ya shuga.

Hilla anaimbira Bambo. Ulendo uno Bambo sanaseke. Anati akubwera msanga. Anati aitananso a Kalevi.

Hilla anatenga fosholo ya pakhonde. Anatenga chikwama cha buledi. Anabwerera kuseri.

Nappi kunalibe.

Hilla anaunika uku. Anaunika uko. Anangoona chingwe chili pansi. Chingwecho chinkalowa m'kadzenje kakuda, m'munsi mwa khoma. Chinkayenda chokha, pang'onopang'ono.

"Nappi?"

"Ali muno," anatero Azakhali mkati. "Wakumba, walowa. Ndamuika m'jekete. Akutentha ngati mbaula. Akundinyambita chibwano, wopanda ulemu ameneyu."

Hilla anaseka. Misozi inatulukanso. Inaundana pamasaya.

Ananyema buledi. Anakankhira chidutswa m'kadzenje muja. Dzanja lozizira linalandira. Azakhali anati iwo adya chachikulu, Nappi adya chaching'ono. Kenako anati ayi, Nappi walanda chachikulucho.

Hilla anayamba kukumba ndi fosholo. Anakumba. Anapuma. Anakumbanso.

Mkati munayamba kukhala chete. Azakhali anati akumva tulo. Hilla ankadziwa kuti munthu wozizidwa sayenera kugona. Choncho anawauza nkhani. Anawauza za nsapato ya Bambo imene Nappi anatafuna. Anawauza za soseji imene inasowa patebulo. Chimenechi chinali chinsinsi cha Hilla ndi Nappi. Lero anachiulula.

"Mukumva, Azakhali?"

"Ndikumva. Pitiriza."

Kumwamba kunasiya kukhala buluu. Mdima unatsika. Mitengo yoyera ija inkaoneka ngati yasendera pafupi. Hilla sanaiyang'ane. Anakumba. Analankhula. Anakumbanso.

Kenako panyanja panaoneka maso awiri owala. Ankakula. Ankayandikira. Hilla anagwedeza tochi yake m'mwamba.

Anali Bambo ndi Mayi pa njinga imodzi. A Kalevi anali pa inzake. Onse anali ndi mafosholo. Anakumba onse pamodzi. Mulu unachepa. Unachepanso. Chitseko chinaoneka.

Bambo anakoka. Chitseko chinalira, kwee.

Azakhali anatuluka pang'onopang'ono. Nsidze zawo zinali zoyera mbee. Pakhosi pa jekete lawo panasuzumira kamutu ka makutu aakulu.

A Kalevi anavula chipewa. Anayang'ana pansi.

"Ndinaona tsache, Aune."

"Tsache unaliona, inde," anatero Azakhali. "Nanga mapazi? Maso unawasiya kunyumba?"

A Kalevi anayandikira kagaluko. Anawerama. Anasisita Nappi pamutu.

"Pepani, bwana," anatero. "Sindinu mbewa."

Onse analowa m'nyumba. Bambo anakoleza moto. Mayi anaviika zala za Azakhali m'madzi ofunda. Azakhali anati zikubaya ngati singano. Mayi anati ndiye bwino, zadzuka.

Khofi anawira. Hilla anamwa madzi otentha a zipatso zofiira za m'nkhalango. Anadya buledi wotsala ndi batala. Bambo anapatsa Nappi nsomba yaikulu yootcha. Anati fosholo yokhala ndi mchira nayo imamva njala.

Azakhali anayang'ana Nappi. Anayang'ana mapazi ake aakulu.

"Wakula, Hilla," anatero. "Wakula bwino."

Nappi anagona pamapazi awo.

Hilla anatuluka panja yekha. Kunali mdima. Nyanja inabuula kutali. Mitengo inkanong'onezanabe. Koma tsopano mazenera ankawala, ndipo utsi unkakwera kumwamba.

Anafunafuna m'chipale. Anapeza tsache. Analikutumula. Analowa nalo.

"Ukupita nalo kuti limenelo?" anafunsa Azakhali.

Hilla analiimika pafupi ndi moto.

"Lero ligona m'nyumba," anatero. "Tonse tilipo."