Wotseka Mzere

Ine ndimakonza njinga, ndipo bodza lomwe ndimalidziwa ndi limodzi lokha, lija louza kasitomala kuti mubwere mawa mudzaipeza yatha. Izi ndikunenazi si za mtundu umenewo. Aphunzitsi amene ankatitsogolera analipo. Bambo wowolotsa anthu pa bwato analipo. Achemwali anga ndi namwino ndipo za mizimu ankaziseka, koma mukawafunsa lero amangonyamuka n'kukatsuka mbale zotsuka kale.

Tinali ndi kagulu kathu kopalasa njinga za matayala onenepa, zija zokwerera mapiri. Loweruka tinkasiya tala n'kulowa m'tinjira ta kumidzi, kutsata mtsinje. Kutsogolo kunkakhala wodziwa njira, kumbuyo wotseka mzere. Wotseka mzere amavala wezulo m'khosi ndipo sapitirira munthu. Wina akatopa, iye amatopa naye. Wina tayala likaphwa, amaima naye. Wina akaphonya njira, amamuimbira wezulo kawiri kuti abwerere. Sapita kwawo mpaka womaliza atafika, ndipo udindowu sautula pakamwa pokha, amachita kupereka wezuloyo m'manja mwa mnzake.

Wezulo inkakhala ndi achemwali, ndipo womaliza nthawi zonse ndinali ine. Njinga za eni ndimazikonza bwino, koma yanga inali manyazi okhaokha. Sipoko imodzi ya gudumu lakumbuyo inali yokhwepa, moti gudumulo likamazungulira inkalira kuti ke, ke, ke.

"Iwe Girisi," ankatero achemwali kumbuyo kwanga, ponditchula dzina lomwe anandipatsa chifukwa cha mafuta akuda a njinga, "njinga yakoyi ikumveka ngati nkhuku yofuna kuikira. Tapalasa, ine mawa ndili ndi odwala."

Loweruka lomwe ndikunenali tinawoloka mtsinje m'mawa pa bwato kukaona mabwinja akalekale a kutsidya. Ndi makoma a miyala yosanjikizidwa popanda dothi, makomo ake aafupi oti ulowe chowerama, mitengo itamera m'zipinda. Kuseri kwake kuli msewu woyalidwa miyala, wotsetsereka kulunjika kumtsinje. Aphunzitsi anati unkapita padoko lakale pomwe eni mudziwo ankawolokera, koma lero umangolowa m'madzi n'kuthera momwemo. Tinadya, tinajambulana, ine mpaka kukwera pakhoma n'kumadzitcha mfumu. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dzuwa litapendeka, kumwamba kunayamba kuda ndipo Aphunzitsi anati tizibwerera. Achemwali anali kuseri kwa khoma kumanga nsapato. Ine ndinati lero lokha ndiwachititse manyazi, ndinazemba n'kulowa pakati pa gulu osawauza. Ndinapalasa mpaka ntchafu kuwotcha, ndikuseka ndekha poganiza nkhope yomwe achite akandipeza ndakhala kale m'bwato.

Tinafika pabwato tonse, kupatula achemwali. Tinadikira. Foni yawo sinkapezeka.

"Mwina ndi tayala," anatero Aphunzitsi.

"Akanaimba wezulo," ndinayankha.

Tinabwerera awiri, ine ndi Aphunzitsi. Pofika pamabwinja paja ndinazindikira kuti achule omwe ankalira m'bango masana onse asiya. Mbalame nazo zinali zii. Kunkamveka fungo la phulusa lonyowa, ngati wina wangozimitsa kumene moto ndi madzi, chonsecho pamalopo panalibe ndi khala lomwe. Tinatsika panjinga kuti timvetsere. Ndipomwe tinamva, cha kumsewu wa miyala uja.

Ke, ke, ke.

Aphunzitsi anayang'ana gudumu langa. Linali chiimire. Kenako anayang'ana ine, ndipo milomo yawo inali itatuwa.

Pamatope a pakati pa miyala panali mzere wa tayala umodzi wokha, wa achemwali, pamodzi ndi mapazi awo. Aphunzitsi anakana kutsika, anakhala pamwala pamwamba pa mtsetsewo. Sindiwaimba mlandu. Ine ndinatsika ndikukankha njinga.

Ndinawaona pomwe msewu umalowa m'madzi. Achemwali ankakankha njinga yawo pang'onopang'ono, akuyankhula ndi mawu aja amandikalipira nawo. Patsogolo pawo pang'ono panali munthu wina, nayenso akukankha njinga. Anavala malaya ofiira okhala ndi banga la girisi m'chiuno, pomwe ine ndimapukutira manja. Phewa lakumanzere linali lotsika. Msana wanga sindinauonepo chibadwire, koma ndinaudziwa.

Madzi anali atamufika m'chiuno. Madziwo sankagavira. Achemwali anali nawo m'mawondo.

"Achemwali," ndinaitana chapansipansi.

Sanacheuke. "Ndikuperekeza mchimwene wanga," anatero.

"Ndine ndili kuno, kumbuyo kwanu."

"Khalani chete, watopa uyu. Sakundiyankha n'komwe."

Ndinawagwira mkono. Unali wozizira, wolimba ngati chitsulo cha handulo, ndipo m'malo moti ndiwakoke, ndi iwo ankandikoka ine. Madzi anandifika m'ntchafu. Makani a achemwali ndimawadziwa, munthu amene sachoka muwodi mnzake womulandira asanafike, ngakhale atafa ndi njala. Kuwauza kuti amusiye munthuyo kunali kutaya malovu. Ndiye ndinayankhula monga amayankhulira kuntchito kwawo.

"Achemwali, nthawi yanu yakwana. Ndabwera kudzakulandirani. Ndipatseni wezulo, nditseka ndine."

Anaima. Uja nayenso anaima.

"Musamusiye," anatero. "Ndi waulesi, koma ndi wathu."

Anavula wezulo n'kuiika m'dzanja langa. Kenako anatembenuka n'kuona nkhope yanga. Anayamba kutembenukiranso kwa uja.

"Kwerani kumtunda," ndinanong'ona. "Musacheuke."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anandimvera.

Ndinatsala naye. Anali chiimire, atandipatsa msana, akudikira. Khosi lake linali louma, malaya ake ouma ngakhale pomwe madzi ankawakhudza. Fungo la phulusa lija linakula mpaka kundilowa kukhosi. Wezulo inali m'dzanja langa, ndipo ndinamva mwendo wanga ukufuna kuponda patsogolo wokha, popeza lamulo ndi lamulo. Ndinachita mantha omwe sindinachitepo. Ndinaganiza kuti popanda wezulo palibe udindo, choncho ndinaiponya kumtsinje ndi mphamvu zanga zonse.

Sinamveke kugwera m'madzi.

Ndinatembenuza njinga n'kuyamba kukwera mtunda. Ke, ke, ke, inkalira yanga. Ndipo kumbuyo kwanga, mochedwerapo pang'ono, inanso. Ndinaima, inaima. Ndinayenda, inayamba. Aphunzitsi anaimva njira yonse yobwerera pabwato, ndipo akhoza kulumbira.

Tonse titakwera, bambo wa bwato uja anapitiriza kuligwira pagombe, maso ali kumtunda.

"Nanga winayo?" anafunsa.

"Takwana," anatero Aphunzitsi.

Bamboyo anayang'ana pagombe, anayang'ana malaya anga, anayang'ananso pagombe. Kenako anakankha bwato. Ndikumva kuti masiku ano anthu a njinga sawawolotsa.

Sipoko ija ndinaimanga tsiku lomwelo ndisanadye, ndipo njinga yanga inasiya kulira. Phokoso lija silinasiye. Ndinasintha gudumu lonse, malaya aja ndinawotcha, njingayo ndinaimasula n'kugawa zitsulo zake kwa anzanga. Ndikakwera ina iliyonse, ngakhale ya kasitomala poiyesa pamsewu, njinga ina ija imamveka kumbuyo kwanga. Siyandikira, sitsalira. Ndikachepetsa liwiro kuti idutse, nayo imachepetsa. Mkazi wanga anaimvapo ikuima pageti ine nditalowa kale m'nyumba, ndipo anandifunsa kuti mnzangayo bwanji sindimulowetsa.

Achemwali anasiya kupalasa. Amabwera kushopu kwanga poweruka, kukhala pabenchi n'kumandiyang'ana ndikumata machubu. Sandisekanso, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa kufanizira njinga yanga ndi nkhuku. Tsiku lina anandifunsa komwe ndinaika wezulo, ati ndiwabwezere udindo wawo athane nazo okha. Nditawauza zomwe ndinachita, anagwira pakamwa.

"Unaipereka, Girisi," anatero. "Ndiye kuti akutseka ndi iyeyo."

"Koma wotseka amapita kwawo womaliza akafika," ndinatero. "Ine ndimafika pakhomo tsiku ndi tsiku. Bwanji sachoka?"

Achemwali ananyamuka pabenchi n'kumapita kwawo.

Yankho ndinalipeza sabata yatha. Ndinkachokera kuntchito dzuwa likanali m'mwamba, msewu uli ndi anthu, ana akusewera mpira. Pafupi ndi kwathu pali mphambano. Njira yakumanja imakwera kunyumba, yakumanzere imatsetsereka kupita kumtsinje. Ndinakhotera kumanja monga ndimachitira masiku onse.

Kumbuyo kwanga wezulo inalira kawiri.