Masipika Okhota a Bambo

Bambo anali atasiya kumvera nyimbo, ndipo Injiniya ankadziwa kuti wachititsa ndi iyeyo. Dzina limeneli anamupatsa ndi mlongo wake pomuseka, chifukwa mtsikanayu akangoona waya, manja ankamuyabwa.

Zinayamba Loweruka lina. Kusukulu anali ataphunzira kuti mawu amagunda makoma n'kubwerera, komanso kuti foni imatha kuyeza mmene chipinda chikumvekera. Atayang'ana pabalaza anapukusa mutu. Masipika awiri a bambo anali ataunjikana mbali imodzi, onse atapendekera kumanja kwa mpando wawo. Bambo ali kuntchito, iye anaika ina uku ina uko, n'kuyala kapeti, n'kukoka makatani. Kuyeza, kusuntha, kuyezanso, mpaka mzere wokhotakhota wa pa foni unawongoka bwinobwino.

"Ababa, taonani! Tsopano mawu akufanana mbali zonse."

"Wachita bwino, mwanangu," anatero bambo. Koma nyimbo yoyamba isanathe anatuluka kukakhala pakhonde. Kuyambira tsiku limenelo pabalaza panangoti zii.

Zinamuwawa Injiniya, ndipo anakadandaula kwa mayi ake amene ankayanika zovala. "Foni sinama, amayi. Kaya n'kukanika chabe kwa anthu akale?"

"Pakamwa pako pamathamanga kuposa miyendo," anatero mayi. "Tenga chakudya ichi ukawapatse bambo ako."

Kumalo kumene bambo ankawotcherera zitsulo kunali phokoso loboola m'mutu. Makina odulira atazima, Injiniya anaima kumanzere kwawo n'kuitana, "Ababa!" Sanatembenuke. Anaitananso mokweza, koma iwo anangopitiriza kupukuta chitsulo. Atazungulira kumanja n'kunena motsitsa kuti, "Ababa," anacheuka nthawi yomweyo.

Mtima wa Injiniya unasweka. Anagwira khutu lake lakumanzere mofunsa, ndipo bambo anayang'ana pansi.

"Linafa kalekale chifukwa cha makina awa," anatero. "Sipika ikakhala mbali iyi, theka la nyimbo limandipita."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Unasangalala kwambiri tsiku lija. Ndikanayambira pati?"

Madzulo ake Injiniya anawakhazika pampando wawo. Anatseka khutu lake lakumanzere ndi thonje, n'kugwada pafupi nawo kuti amve zimene iwo amamva. Zoonadi, woimbayo ankamveka ngati ali kuseri kwa nyumba. Anadzuka, n'kunyamula sipika yakumanzere ija kuyamba kuyenda nayo.

"Apa?"

"Sendera pang'ono."

"Apa nanga?"

"Wapitirira, iwe! Bwerera... eya, pamenepo!"

Anayezanso ndi foni. Mzere unali utakhotanso, koma unamusonyeza kuti pakona ng'oma ikugunda mopitirira. Anachotsa sipikayo pakhoma pang'ono, ndipo bambo anadabwa. "Aa! Nanga kumveka bwino chonchi? Kafoni kakoka kali ndi nzeru ndithu."

Anatsinzina n'kuyamba kuimba nawo, mawu awo akusemphana ndi nyimboyo monga mwa masiku onse.

"Mayo ine, mtendere wanga watha!" anakuwa mayi kukhitchini, koma kuseka kunkamveka m'mawu awo.

Injiniya anakhala pansi kumanja kwa mpando. "Ababa, mawa tipite kuchipatala akakuoneni. Ndipo kuntchito muzitseka makutu. Latsala limodzi lokha."

Bambo anamugwira paphewa. "Ndamva, Injiniya, tipita. Koma takhala kaye chete, gitala akulowa."