Usiku Wachitatu wa Ambuye Tadakuni

Madzulo amenewo Mayi Kaneko ankapesa tsitsi kuseri kwa nsalu yotchinga, pamene Nariko, mtsikana wa kutsidya kwa msewu, anagwada pakhonde ndi khanda.

"Mayi, mwanayu ndi wa malemu amuna anu. Lolani alembedwe m'banja."

"A Tadakuni anagona kwanu kangati?"

"Kawiri. Usiku wachitatu ndi umene anamwalira."

"Kawiri n'chibwenzi, mwana iwe. Ukwati ndi katatu, mwamuna adye timikate ta mpunga, dzuwa limupeze kwanuko. Kako aka n'ka mphepo. Choka nako, kandinunkhitsira mphasa."

Nariko anachoka osalira.

Pakati pa usiku Kaneko anadzidzimuka. Ngolo ya malemu amuna ake inkalira pachipata, gudumu lakumanzere likudandaula monga linkachitira kale. Kenaka fungo. Linali la lubani amene ankasinja yekha wofukizira zovala za amuna ake, ndipo panalibe wina mu Kyoto yense wodziwa kasakanizidwe kake.

Pachitseko panagogodedwa pang'onopang'ono.

"Kaneko, nsapato zanga zili kuti?"

Mkwiyo unaposa mantha.

"Zili kumene amayi anazibisa tsiku la ukwati wathu, kuti musamachoke. Simupita kwa kamtsikana kaja."

"Ndinasiya ntchito yosatha."

"Munasiya mwana wanu weniweni muno. Gonani kumene tinakuikani, bambo inu."

Kunja kunamveka mapazi opanda nsapato, nyaa, nyaa, pamatabwa onyowa. Ngolo inawoloka msewu n'kuima pachipata cha Nariko.

Kaneko anakhala tsonga, diso lili pampata wa chitseko. Zibwenzi zimathawa kusanache. Belu la kukachisi linalira. Ngolo sinasunthe. Tambala analira. Kum'mawa kunayamba kufiira.

"Chokanipo," anang'ung'udza. "Chonde, chokanipo msanga."

Dzuwa linatuluka n'kuipeza pomwepo, yopanda ng'ombe, yopanda woyendetsa, chizindikiro cha banja chikuwala pansalu yake. Msewu wonse unaiona. Antchito a kwa Nariko anatulutsa mbale ya timikate ili mbee, tonse titadyedwa.

Masana alamu ake a Kaneko anapera inki n'kulemba dzina la khandalo m'buku la banja, pansi penipeni pa la mwana wa Kaneko.

"Munthu wakufa sakwatira, alamu."

Iwo sanatukule mutu. Anayankha zomwe akazi ankanong'onezana kale pachitsime.

"Wakufa kaya wamoyo, mlamu, dzuwa lamupeza."