Chitseko cha Kumbuyo kwa Matumba a Simenti

Singano atangoona dzina la kampaniyo pa bolodi la mu ofesi, pakati pa makampani oti akawafufuze, analizindikira nthawi yomweyo. Inali kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, yomwe inachotsa ntchito bambo ake pa mlandu wakuba iye akadali ku sekondale. Tsopano anali kuphunzira ntchito ya uodita, yofufuza mabuku a chuma cha makampani, ndipo anzake anamupatsa dzina loti Singano chifukwa anali wowonda komanso woboola ndi mafunso.

A Magalasi, mayi amene ankatsogolera gulu lawo, anali ndi chizolowezi chimodzi. Asanapite ku kampani iliyonse kukafufuza mmene chuma ndi katundu zikusamalidwira, ankaimika anthu awo n'kuwafunsa.

"Kumene tikupitaku, alipo ali ndi m'bale, chibwenzi kapena mdani? Nenani pompano. Ngakhale amene anakupondani chala m'basi, ndimudziwe."

Anyamata awiri a m'gulumo anaseka. "Ife adani athu ndi eni nyumba za lendi basi, Madamu," anatero mmodzi.

"Nanga iwe, Singano?"

"Palibe, Madamu."

Mawuwo anatuluka mosavuta moti iye mwini anadabwa. Ankadziwa bwino chifukwa cha funsolo. Odita ndi mboni, ndipo mboni yokhala ndi mangawa palibe amene amaikhulupirira. Koma ankadziwanso kuti akanena zoona amusiya mu ofesi, ndipo mwayi woterewu sudzabweranso.

Bambo ake anagwira ntchito yosunga katundu pa kampaniyo kwa zaka zambiri. Utoto ndi malata zitayamba kusowa, Manijala anauza mwini kampani kuti nyumba ya katundu ili ndi khomo limodzi, kiyi wake ndi mmodzi, ndipo amagona m'thumba mwa wosunga katundu. Nkhani inathera pomwepo. Sanawamange, koma mbiri inawatsogolera kulikonse kumene ankafunsira ntchito. Masiku ano ankakhala pakhonde kukonza maambulera ndi mazipi a zikwama. Singano ankati akawaona akulimbana ndi ulusi, maso atafooka, ankalumbira chamumtima kuti tsiku lina Manijala adzalawa zomwezo.

Atafika ku kampaniko, Manijala anawalandira ndi manja awiri. Anali atanenepa, ndipo mulu wa makiyi unkalira m'chiuno mwake akamayenda. Kwa a Magalasi anawerama mwaulemu. Koma Singanoyo, Manijala sanamuzindikire n'komwe.

"Kamtsikana aka nakonso n'kaodita? Koma ndiye dziko lapita patsogolo. Tiyi ali uko, mwana iwe, uwathirire akuluakuluwa."

Singano anathira tiyi.

A Magalasi anagawa ntchito. Anyamata aja anakhala pa makompyuta. Singano anapatsidwa ntchito yotsatira katundu ndi mapazi.

"Usankhe chitini chimodzi cha utoto," anatero a Magalasi. "Uchitsatire kuyambira pamene chatsika mulole mpaka chikatuluke pageti. Aliyense amene achigwira umufunse zimene amachita, ndi amene amaona kuti wachitadi. Sitikusaka wakuba ayi. Tikusaka mpata woti munthu mmodzi angatulutse chinthu popanda diso la mnzake. Ukaona kanthu, pakamwa tseka. Ubwere udzandinong'oneze, tipite awiri, tijambule, tifunse, kenako tilembe. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

Poyamba zonse zinkaoneka zolongosoka moti zinkamukwiyitsa. Wolandira katundu anali wina, wosunga anali wina, ndipo mlonda wa pageti sankalola ngakhale msomali kutuluka popanda chiphaso. Singano ankabwerera kunyumba mutu ukuwawa, osauza bambo ake kumene akugwira ntchito.

Tsiku lina masana, a Magalasi atapita kubanki kukatsimikiza zina, Singano analowa mpaka kumapeto kwa nyumba ya katundu. Kumeneko matumba a simenti anali atasanjidwa mpaka kudenga, ena atauma gwa ngati miyala chifukwa chokhalitsa. Anadabwa kuti kampani yogulitsa simenti ingasunge bwanji simenti yowonongeka. Ataweramira pansi anaona kamzere ka kuwala kwa dzuwa kakutuluka kuseri kwa matumbawo.

Pakati pa matumba ndi khoma panali kampata koti munthu n'kudutsa chammbali. Anadzipanikiza n'kulowa. Kumapeto kwake kunali chitseko chachitsulo. Anagwira mahinji ake, chala chinabwerako chonyowa ndi oilo watsopano.

Anatuluka, nazungulira kuseri kwa mpanda. Chitsekocho chinkatulukira m'kanjira kamene mlonda sakanatha kukaona ali pageti. Pansi panali zizindikiro za matayala. Pachitseko panali loko mmodzi yekha, wonyezimira chifukwa chogwidwagwidwa.

Anapita kwa mlonda, bambo wachikulire amene ankadya nthochi pamthunzi.

"Agogo, chitseko cha kumbuyo chija kiyi wake amasunga ndani?"

Mlonda anayang'ana uku ndi uku. "Ine anandilemba ntchito ya geti la kutsogolo, mdzukulu wanga. Maso a kumbuyo sanandipatse. Kafunse amene makiyi amawalemera m'chiuno, amene amakonda kuimika galimoto kumeneko Loweruka tonse tikaweruka. Koma ine sindinalankhule nawe."

Apa Singano anazindikira zonse. Khomo silinali limodzi. Silinakhalepo limodzi. Anatulutsa foni kuti aimbire a Magalasi, nabwerera m'nyumba ya katundu kuti akalankhule pamalo obisika.

Mmenemo anapezamo Manijala akuyang'anira antchito amene ankakweza malata mulole. Manijala atamuona ndi simenti pa siketi, anaseka.

"Odita wathu wagwa m'simenti! Wapezamo chiyani, makoswe? Kuno ndi koyera, mwana iwe. Tinali ndi mbava imodzi kalekale, nkhalamba ina yonamizira kupemphera. Ndinaithamangitsa ngati galu. Ndikumva kuti pano imasoka maambulera. Lemba zimenezo m'lipoti lako."

Antchito ena anaseka nawo pofuna kusangalatsa bwana. Foni inali ikuitana kale m'dzanja la Singano. Anaidula.

"Mbava imeneyo ndi bambo anga."

Phokoso la malata linaleka.

"Ndiyang'aneni bwino, a Manijala. Ine ndine mwana uja ankabwera ndi chakudya cha bambo ake pageti apo. Munanena kuti khomo ndi limodzi. Nanga chitseko chili kuseri kwa simenti iyo n'chandani? Oilo wa pa mahinji anathira ndani? Loweruka mumadzatani kumbuyoko? Mbava ndinu! Ndalimbikira sukulu zaka zonsezi kuti ndidzakuoneni mukutuluka pageti ilo mutanyamula katoni, ndipo mutuluka!"

Nkhope ya Manijala inachita thukuta. Antchito anayang'ana pansi, wina akubisa kumwetulira ndi chipewa. Singano anamva kukoma kumene sanakumvepo chibadwire, ngati munthu waludzu amene wapatsidwa madzi ozizira.

Kenako Manijala anapukuta thukuta lija, ndipo maso ake anasintha.

"Wati ndiwe mwana wake?" anafunsa mofatsa. "Abwana ako akudziwa zimenezi?"



"Nonsenu mwamva," anatero Manijala potembenukira kwa antchito. "Wanena yekha kuti anabwera kudzandichotsa ntchito." Anatulutsa foni yake n'kuimbira mwini kampani.

A Magalasi atabwerako kubanki anapeza mwini kampani atafika kale, akuwadikira mu ofesi. Chitseko cha ofesiyo chinatsekedwa, ndipo Singano ali panja ankangomva mawu a mwini kampaniyo akukwera. Atatuluka, a Magalasi anauza anyamata kuti alongedze zonse, ntchito yaima kufikira akuluakulu a mbali zonse atakambirana. Anakwera galimoto n'kubwerera ku ofesi kwawo. Anyamata atatsika, a Magalasi anavula magalasi awo n'kuwaika pa chiwongolero.

"Ndiuze zimene unaona."

Singano anafotokoza zonse: kuwala, oilo, matayala, mawu a mlonda.

"Unajambula?"

"Ayi, Madamu. Ndimati ndikuimbireni kaye."

"Ndiye foni yanga inalira kamodzi n'kuduka." A Magalasi anapumira m'mwamba. "Ndikukhulupirira, Singano. Zimene wapezazo anthu odziwa ntchito akhala akuziphonya chaka ndi chaka. Ukanangondinong'oneza, Loweruka likubwerali tikanakhala tili m'kanjira kaja ndi mwini kampani, tikuonerera. Koma pano mboni yanga ndi ndani? Mwana wa munthu wochotsedwa ntchito, amene anandinamiza ine, n'kulengeza pagulu kuti wabwera kudzabwezera. Chilichonse chimene wagwira pa ntchito imeneyi ndiyenera kuchitaya, ngakhale chabwino chomwe."

"Koma chitseko chilipo, Madamu! Pitani mukachione!"

"Ndipita. Koma Manijala wamuuza ndani kuti tachiona, si iwe?"

Gulu litaloledwa kubwerera sabata yotsatira, Singano sanapite nawo. Anamuimitsa ntchito podikira kuti akuluakulu agamule za iye. Mmodzi wa anyamata aja ndi amene anamuimbira kumuuza zimene anapeza. Simenti youma ija inali itachotsedwa. Chitseko chinali chitawotcheredwa ku felemu yake mbali zonse n'kupakidwa utoto wofanana ndi khoma. M'kanjira muja anathiramo miyala. Manijala anati chitsekocho chinatsekedwa kalekale, anangochikongoletsa. Mlonda anati sanalankhulepo ndi mtsikana aliyense. A Magalasi analemba kuti kuwotcherako kukuoneka kwatsopano ndiponso kuti makiyi onse asamakhale ndi munthu mmodzi, koma kupitirira apo analibe umboni. Mwini kampani anawerenga, nagwedeza mutu, n'kunena kuti Manijala wake wavutika mokwanira ndi mabodza a banja limodzi.

Singano anaika foni pansi natuluka pakhonde. Bambo ake anali atapanira ambulera yakuda pakati pa mawondo, akumangirira nthiti yake yothyoka ndi kawaya. Kwa masiku onsewa ankawauza kuti ali pa tchuthi.

"Ababa, ndili ndi mawu."

Anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuwauza zonse, osabisa kanthu. Bambowo anamvetsera manja ali pa ntchito. Atafika pa chitseko, manja anaima.

"Chitseko chija? Manijala anandiuza tsiku loyamba kuti n'chakufa, kiyi wake anatayika. Simenti ija anaisanja yekha, nati ndisaikhudze, ndi ya kasitomala wina." Anaika kawaya kaja pansi. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinkaiwala kukhoma, ngati mutu wanga unayamba kusokonezeka. Kani sindinapenge."

"Simunapenge, Ababa."

"Ndiye unamuuza pamaso pa anthu?"

"Ndinamuuza."

"Anatani?"

"Anatuluka thukuta. Anasowa chonena."

Bambowo anaseka pang'ono, kuseka kumene Singano anali asanakumve kwa nthawi yaitali. Koma sikunakhalitse. Anamuyang'ana mwana wawo ndi maso a munthu amene akuopa yankho la funso lake lomwe.

"Kupatula iwe, ndani wina anachiona chitsekocho chisanawotcheredwe? Woti anganene, anthu n'kumumvera?"

Singano anatsegula pakamwa. Anaganiza za foni ija ikuitana m'dzanja lake, ndi chala chake chikuidula. Misozi inadontha pa siketi.

"Palibe, Ababa."

Bambowo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatola kawaya kaja, nayesa kukalowetsa pa kabowo, koma anaphonya kawiri.

"Ndiye tikudziwa ndife awiri basi," anatero. "Tandigwirira apa, mwanangu. Mwini ambulerayi abwera posachedwa."

Singano anagwira nthiti ya ambulerayo ndi manja onse awiri, osathanso kuwayang'ana kumaso.