Thirakitala Yopanda Kilatchi

Monica ankasesa pabwalo madzulo, mbuzi atazitsekera kale, pamene anaona madontho ofiira pansi pa thirakitala ya mwamuna wake Gidiyoni. Anagwira ndi chala, nanunkhiza. Anali oyilo chabe, koma mayi wina wodutsa ndi ndowa pamutu anawaonanso. Pofika m'mawa, mudzi wonse wa m'chigwa cha Bwanje uja unali utamva kuti chitsulo cha Gidiyoni chimamwa magazi.

Thirakitalayo anaigula kuesiteti ina yotsekedwa, atagulitsa mpunga wa zaka zinayi. Inali nkhalamba yoposa mwini wake, ndipo inalibe kilatchi. Makaniko wa pa Golomoti anamuuza kuti mphamvu ya injini imafika kumatayala kudzera mu oyilo wofiira wa m'chimphika chachitsulo, ndiye ukaisiya m'giya ikulira imakwawa yokha, komanso siyaka pokankha. Gidiyoni anafotokozera anthu zimenezi mpaka mawu kusasa. Anamva ndani? Omwe dzulo ankamunyengerera kuti awalimire kusikimu ya mpunga wothirira ndiwo anayamba kulavula malovu akakumana naye. Nsanje yotere imanyansa zedi.

Wokoleza moto anali a Enock, olimira anthu ndi ng'ombe, amene makasitomala anali atawathawa.

"Galimoto yanji yopanda kilatchi?" ankatero pachigayo. "Tinaikankha amuna khumi, osayaka. Mwini wake kungoigwira, basi yalira!"

Kenako ng'ombe ya a Enock inapezeka yofa m'khola, yopanda bala, m'mphuno mukutuluka thovu lofiira. Patapita masiku atatu Jenifa, mayi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi, anagwa m'munda akuwokera mpunga, osadzukanso. Osambitsa mtembo anati unkanunkha dizilo. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mbandakucha amamva injini ikuguguda kuseri kwa nyumba, pansi pakunjenjemera, koma akasuzumira panja palibe kanthu.

"Mwaimva?"

"Inaima pakhomo panga penipeni."

"Tsitsani mawu!"

Gidiyoni anapsa mtima. Anachotsa batire naiika pansi pa bedi, dizilo yense namukhuthulira m'zigubu. Madzi anali atatsegulidwa kusikimu, anzake akulima, iye thirakitala ili chiimire sabata yathunthu, kungofuna kuti dzina lake liyere pamudzi umene anabadwira. Koma kuguguda kuja sikunaleke.

"Bambo a Takondwa," anatero Monica m'mawa wina, osamuyang'ana kumaso, "nanenso ndaimva."

"Nawenso wayamba zopusazi?"

Loweruka masana anthu anabwera ndi zikwanje ndi chigubu cha petulo, a Enock ali patsogolo.

"Chitsulochi tichiwotcha. Inu munyamule katundu, mfiti yachabechabe!"

"Mfiti ndi ndani? Tsegulani thankiyo muone, ndi youma! Batire ili m'nyumba! Ndakulimirani minda yanu bwinobwino, lero mundiyese mfiti?"

Gidiyoni anawagwira a Enock pakolala nawakankhira kunkhokwe. Pomwepo mayi wina anakuwa. Thirakitala inkayenda. Injini inali chete, pabwalo panalibe potsetsereka, koma matayala akuluwo ankagubuduka pang'onopang'ono, mchenga ukulira pansi pake. Chiwongolero chinatembenuka chokha kuloza kunkhokwe. Anthu anabalalika, ena kugwetsa zikwanje. A Enock anatsala okha pankhokwe paja.

Gidiyoni anadumphira pampando. Ndodo ya giya inali pakati, pomwe anaisiya. Anaponda buleki ndi miyendo yonse iwiri, nakoka chiwongolero mpaka mitsempha kutuluka, akufuula kuti a Enock athawe. Chitsulocho sichinamumvere. Chinawapanikiza a Enock pankhokwe, nsungwi zikuthyoka, chimanga chikukhuthukira pamapewa awo, kenako chinaima chokha.

Mudzi wonse unaona chinthu chimodzi: Gidiyoni ali pampando, manja pachiwongolero.

Anathawa kudzera m'minda ya mpunga, Monica ali pambuyo ndi mwana kumsana, miyala ikuwagwera m'matope. Anatulukira kumsewu pafupi ndi Mtakataka, nakwera minibasi yoyamba kuima, osafunsa kumene ikupita. Nyumba, munda ndi manda a makolo zinatsala kumbuyo.

Atayenda mtunda ndithu, Monica anafunsa motsitsa mawu:

"Bambo a Takondwa, buleki ija munapondadi?"

"Ndinaponda."

Monica anachotsa mwana pakati pawo namukhazika mbali ya kuwindo.