Mipando Inachepa, Thanki Inakula

Wazigubu anakankha wilibala zaka khumi ndi ziwiri. Ankatunga madzi pampope wa kumsika n'kukagulitsa kumtunda, kumene mipope inauma kalekale. Pofika kunyumba msana unkakhala ngati wobwereka, moti mkazi wake ankachita kumuvula nsapato, mwana wawo wamkazi akumutenthetsera madzi. Anthu anaiwala dzina lake lenileni, iyenso analeka kuwakumbutsa.

Amene ankamudya mtima ndi mlamu wake, mwini minibasi. Ameneyo akamudutsa pachitunda ankaliza hutala n'kukuwa kuti, "Limbikani alamu, mwatsala pang'ono!" Mawu oterewa amakoma ukawanena uli pampando. Ukawamva uli ndi wilibala amawawa.

Tsiku lina Wazigubu anangosiya wilibala pachitunda pomwepo n'kupita kwa sing'anga wina, amene ankakhala m'kachipinda kuseri kwa omata matayala. Munali mpando umodzi, beseni ndi mabotolo opanda zolemba.

"Ndatopa, asing'anga," anatero. "Sindikufuna zambiri. Ndikufuna galimoto yonyamula anthu, kumbuyo thanki ya madzi, ine ndizigwira ntchito nditakhala pansi."

"Onse amabwera atatopa," anayankha sing'angayo. "Ndalama ya galimoto ukaipeza pansi pa wilibala yako. Thanki sudzavutika nayo, izidzaza yokha kamodzi paulendo uliwonse."

"Madzi ake azichokera kuti?"

"Munthu ndi madzi, mwana wanga. Aliyense wokhala pampando, thanki izimwako. Iwe woyendetsa izikulambalala, pokhapokha utatsala wekha. Galimoto isagone tsiku osayenda. Ikagona, thanki idzamwa amene ali kunyumba kwako."

"Ndiye anthu azimva ludzu basi?"

"Ludzu basi, ukasankha bwino. Mipando ikhale yambiri, thanki yaing'ono. Ikamwa kwa anthu ambiri palibe amadziwa."

Wazigubu anavomera. Ndalama anaipezadi, ndipo sanauze mkazi wake kumene inachokera.

Kogulitsa magalimoto anamuonetsa ziwiri. Ina inali ya mipando itatu kutsogolo, kumbuyo konse chithanki. Ina inali yaitali, mipando khumi ndi inayi.

"Tengani ya thanki, bwana," anatero wogulitsa. "Anthu amanenerera mtengo, amasanza, amakutukwanani. Madzi salankhula."

Wazigubu analowa kunsi kwa yaitali ija, nagwedeza masipuling'i, nawerenga mipando kawiri. Anatenga yomweyo, n'kumangitsa kathanki kuseri kwa mzere womaliza. Tsiku limenelo anasankha mwanzeru, tisamunamizire.

Zinthu zinayenda. Mkazi wake anakhala kondakitala, pampando wa pakhomo. Anthu ankatsika akunyambita milomo, ena n'kugulanso madzi kwa iye yemweyo. Mlamu uja analeka kuliza hutala. Wazigubu anagula matilesi, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzuka msana uli wakewake. Akanalekera pomwepo, nkhani ino sikanakhalapo.

Chilimwe chitafika, kapitawo wa omanga nyumba zosanja anamuimitsa panjira. Anagogoda kathanki kaja n'kuseka.

"Aka n'kosukusulira kumaso, achimwene. Ife tikufuna madzi. Mukulitse, tizigula onse."

Wazigubu anapita kwa wowotcherera zitsulo, nazula mzere womaliza, thanki inakula. Anadziuza kuti mipando inayi si nkhani. Patatha mwezi anazulanso wina. Tsopano anthu ankatsika akudandaula mutu. Mayi wina woyamwitsa mkaka unauma. Mkulu wina anakomoka akutsika. Pasiteji anayamba kuitcha galimoto ya ludzu, ndipo ankalolera kuima padzuwa kudikira ya mlamu.

"Mipando yopanda anthu ikungodya malo," anatero Wazigubu kwa wowotcherera. Anazula yonse, n'kusiya wakutsogolo wokha. Galimoto imene anaikana tsiku lija anaipanga yekha ndi manja ake.

Wokwera anatsala mmodzi, mkazi wake. Milomo inang'ambika. Ankamwa chigubu chathunthu koma osakodza. Kuchipatala anamuika madzi m'mitsempha, anamwino n'kumafunsana kuti akupita kuti. Ngakhale kulira ankalira opanda misozi.

M'mawa wina mkaziyo anakhala pakhonde, nsapato zili m'manja.

"Bambo a mwana, lero ndisapite. Lilime langa lauma ngati chikopa."

Wazigubu anamuyang'ana. Ankadziwa bwino kuti mkazi akatsala, wotsala m'galimoto akhala iye yekha. Anachita mantha, ndipo mantha ake anakula kuposa chifundo.

"Tiyeni mayi, ulendo umodzi wokha. Omanga akudikira. Mawa mupuma."

Mkaziyo sanatsutse. Anakwera chifukwa ankaganiza kuti akuthandiza mwamuna wake.

Panjira thanki inayamba kulira kumbuyo, khuthukhuthu, galimoto n'kumalemera pachitunda. Mkaziyo anatsamiritsa mutu paphewa pake. Mutuwo unali wopepuka kwambiri. Wazigubu sanatembenuke, anangoyang'ana msewu n'kumadziuza kuti wagona.

Atafika, omanga analumikiza paipi mwachangu. Kapitawo anasuzumira muthanki n'kuomba m'manja.

"Lero ndiye mwadzaza mpaka pakamwa, achimwene!"

Pamene Wazigubu ankagwedeza mkazi wake, akumuitana osayankhidwa, madzi anali atayamba kale kukandira simenti.

Anathamangira kwa sing'anga, nagwada pakhomo.

"Tengani galimoto yanu, asing'anga. Ndibwezereni wilibala."

"Galimoto yanga iti? Ine ndinakuuza mipando yambiri. Anazula ndani?" Sing'angayo anapitiriza kutsuka mabotolo. "Mawa iyende. Uli ndi mwana kunyumba, si choncho?"

Tsiku loika maliro, anthu akunyamula bokosi, Wazigubu analiza injini n'kuchoka. Anthu anamutukwana kuti ndi galu wokonda ndalama. Anayesa kugulitsa galimotoyo, palibe anaifuna. Anaima pasiteji kuitana anthu akwere ulere, onse anayang'ana kumbali. Madzulo mwana wake anabwera ndi kapu.

"Ababa, mukudwala. Mawa ndikuperekezeni."

Anamukalipira koopsa, mwanayo mpaka analira. Wazigubu ataona misozi ikutsika m'masaya mwake, mtima unakhala pansi, poti thanki inali isanamumwe mwanayo.

Anayenda yekha masiku anayi, kupita ndi kubwera, wotopa kuposa mmene wilibala inamutopetsera. Tsiku lachisanu anamupeza pachiwongolero atauma gwa, ndipo munthu mmodzi anakwanitsa kumunyamula. Kumbuyo thanki inali ikusefukira mumsewu.

Kutopa ndi umphawi si mlandu, tonse tinatopa. Koma chuma chokhwimira sichidziwa mawu oti zakwana, ndipo mwini wake amaiwalanso. Dyera limayamba ndi anthu osawadziwa, n'kudzamalizira amene umadya nawo mbale imodzi.