Puleni Yogona Chammbali

Loko anamupeza akulendewera pachitseko, atapindika ngati wapondedwa ndi ngolo.

Linali Lachiwiri masana. A Manzere ankachokera kuchipatala cha maso, mwana wawo wamkazi atawagwira pamkono. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa chida chilichonse ankachigwira ndi dzanja lamanzere, monganso ankachitira malemu bambo awo amene anawasiyira shedi ya matabwayo.

"Bambo, taimani kaye," anatero mwanayo. "Atithyolera."

Analowa. Matabwa anali m'malo mwake. Guluu ndi misomali zinalipo. Koma bokosi lapansi pa benchi linali yasa, mulibe kanthu. Munkakhala zida zakale: puleni yaitali yamtengo yopalira matabwa, sowo ya mpini wa misomali yamkuwa, chiboolero chopukusa ndi dzanja, ndi matchizulo osemera amene anafupika ngati zala chifukwa chonoledwa kwa zaka zambirimbiri.

Tsiku lomwelo adokotala anali atawauza kuti nkhungu ya m'maso mwawo sidzachokanso. Sanadandaule kwambiri. Zida zimenezo manja awo ankazidziwa popanda maso. Bola zilipo, ntchito ikanapitirira.

Mwana wamkaziyo anathamangira kupolisi. A Manzere anatsala akupapasa pabenchi. Dzanja lawo linagunda puleni yatsopano yachitsulo. M'mawa anaisiya pamwamba pa bokosi lija, ndiye kuti wakubayo anachita kuichotsa kuti atsegule. Sanaiponye pansi ayi. Anaigoneka chammbali, lumo lake litayang'ana kukhoma.

Anakhala pansi pa utuchi.

Anabwera sajeni wamkazi, wa mawu ochepa. Anayang'ana loko, anasuzumira m'bokosi.

"Wasiya chatsopano, watenga zakutha," anatero. "Madala, mukuganizira ndani?"

"Palibe, mwanangu. Akuba ndi ambiri masiku ano."

Koma mwana wawo nayenso anakulira mushedi momwemo. Anaiona puleni ija, n'kugwira pakamwa.

"Wakuba wanji waulemu chonchi?"

"Mukutanthauza chiyani, mayi?" anafunsa sajeni.

"Muno puleni saigoneka chafufumimba, lumo limabuntha. Amaigoneka chammbali, lumo kukhoma, kuti lisacheke munthu. Ukaiwala, unkalandira khofi m'mutu. Amene anaphunzira zimenezo muno ndi awiri basi. Ine ndi achimwene."

"Iwe, pakamwa," anatero a Manzere motsitsa mawu. Koma mawu akatuluka sabwezedwa.

Mwana wawo wamwamuna anali ndi kashedi kake kuseri kwa msika. Anakapeza kotseka. Wowotcherera zitsulo wapafupi anavula magalasi ake akuda n'kuseka.

"Mukufuna injiniya? Wakwera basi ya kumzinda m'mawa ndi thumba lolemera. Akuti akukagula puleni yamagetsi, watopa n'kupala matabwa ngati munthu wa m'nthawi ya chigumula."

Mumzinda sajeni, a Manzere ndi mwana wawo wamkazi anafufuza mpaka Lachisanu. Ogulitsa zitsulo anawalozera kwa bambo wina wogula zinthu zakale, amene ankazigulitsa kumahotela kuti azikongoletsera makoma. Sitolo yake inali yodzaza nyali zakutha, masimbi amakala ndi mawotchi osayenda. M'katimo munkanunkha vanishi.

Atamva nkhani, bamboyo sanabise. Anatulutsa zidazo n'kuziyala patebulo.

"Ine sindinabe, bwana. Ndinagula poyera. Zinthu ngati izi sizipezekanso. Onani kumphuno kwa puleniyi. Chidindo ichi n'cha amene anaipanga kutsidya kwa nyanja, mapuleni achitsulo asanafale. Zilembo zapansizi n'za mmisiri woyamba kuigwiritsa ntchito. Sowoyi inali yotakata, yaonda chonchi chifukwa cha tupa. Ndinangoona, n'kudziwa."

"Wogulitsayo anati wazitenga kuti?" anafunsa sajeni.

"Anati n'zamasiye. Bambo ake anamwalira chaka chatha."

Mwana wamkazi uja anayang'ana bambo ake. Iwo anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva za maliro a kutali.

Sajeni anawaika puleni m'manja.

"Madala, ndikuuzeni zoona. Mukati si zanu, ine ndilibe mlandu ndi munthu. Mukati n'zanu, ndikukamugwira."

A Manzere anaisisita. Inali yoterera ngati botolo. Chala chawo chachikulu chinapita chokha pamalo pake, pamene chala cha bambo awo ndi chawo zinakumba kadzenje pamtengo. Kadzenjeko panalibe.

"Panali pokumbika apo," anatero mwini sitolo. "Ndinadabwa kuti pali mbali yolakwika. Ndinapakwecha ndi sandipepa kuti mbali zonse zifanane. Amahotela amafuna zonyezimira. Ndaboolanso apa pokolekera."

Chala chija chinapitiriza kufunafuna.

"Iyi si yanga," anatero a Manzere.

"Bambo!"

"Ndati si yanga, mwanangu. Yanga ndimaidziwa."

"Wakuikani m'manda muli moyo, inu n'kumamubisa?" Mwanayo anali akulira. Analanda puleniyo, anatola hamala, n'kuimenya kumbuyo monga amachitira amisiri akafuna kumasula lumo. Vanishi anathetheka. Kamtengo kopanira lumo kanasololoka. Anakatembenuza n'kuonetsa sajeni.

"Agogo sankadziwa kulemba. Chida chawo chilichonse ankachiwotcha ndi msomali wamoto pamalo obisika. Timadontho titatu. Onaninso pansi pa mpini wa sowoyo."

Timadonthoto tinalipo.

Mwana wamwamuna uja anakamugwira Loweruka m'mawa kushedi kwa mnzake, pafupi ndi chigayo. Anamupeza atakhala pa thabwa, puleni yamagetsi ili pamiyendo, ataimasula zomangira zonse. Inali yogwiritsidwa kale ntchito. Inangolira tsiku limodzi n'kufuka utsi.

Sanathawe. Atawaona bambo ake kumbuyo kwa sajeni, anaimirira.

"Maso anu atha, bambo. Zida zija zikanangodyedwa ndi chiswe m'bokosi. Ndinakupemphani kangati kuti tigule makina? Anthu safunanso kudikira mwezi wathunthu chitseko chimodzi. Ndimafuna ndibwere nayo kushedi kwanu, tizigwira limodzi."

"Ndiye unachita kundipha?"

"Sakanagula ndikanati muli moyo."

"Loko unathyoleranji, poti umadziwa pokhala kiyi?"

"Kuti muziti ndi akuba."

"Nanga puleni ija unaigonekeranji chammbali?"

Mwanayo anayang'ana manja ake. Zinaoneka kuti sankakumbukira n'komwe.

"Manja," anatero sajeni, natulutsa unyolo.

A Manzere anapita kupolisi Lolemba kukapempha kuti nkhani ithere pakhomo. Anawauza kuti zachedwa. Panali kuthyola nyumba, ndipo mwini sitolo uja nayenso anali atadandaula kuti ananamizidwa. Anapitanso kawiri, mwana wamkazi atakana kuwaperekeza, akuyenda chopapasa m'mbali mwa msewu. Yankho linali lomwelo.

Kukhoti mwanayo anavomera mlandu. Woweruza anati munthu wobera kholo lake losaona ayenera kukhala phunziro kwa ena. Anamupatsa zaka ziwiri. Pomutulutsa anaitana kuti, "Bambo!" A Manzere anatembenukira kumene kunalibe munthu. Maso anali atatheratu.

Zida zinakhala m'chipinda cha umboni dzinja lonse. Denga lake linkadontha. Pozibweza, sowo inali itachita dzimbiri mpaka mano ena kugweruka. Matchizulo anali atamata pamodzi. Chiboolero chinkakana kuzungulira.

Mwana wamkazi anazitula pabenchi. Chiyambire tsiku la kusitolo lija, awiriwa ankalankhulana zofunika zokhazokha.

"Zabwera, bambo."

"Zikomo, mwanangu. Ndipanire thabwa."

Anawapanira. A Manzere ananola lumo la puleni yakale ija mofatsa, analibwezera, anagogoda kamtengo kaja mpaka kanagwira. Anaima monga ankaimira kale. Anakankha. Dzanja linaterereka pa vanishi, puleni inapatuka, n'kukumba thabwa m'mphepete. Anayesanso. Chala chinkangoyendayenda, chopanda pokhala.

"Mudzazolowera," anatero mwanayo.

"Kadzenje kaja tinakumba anthu awiri, moyo wathu wonse. Wachitatu wake akanakhala mchimwene wako uja."

Anaima nthawi yaitali ataigwira. Kunja mwana wa munthu wina ankaliza makina ake, matabwa akulira ngati nkhumba yophedwa.

Kenako anaiika puleniyo pabenchi. Chafufumimba.

Mwana wamkazi anatambasula dzanja kuti aitembenuze.

"Isiye choncho," anatero a Manzere.